Dongo la ku Kumartuli

Bambo anga, Haradhan Pal, ankayamba ndi nsungwi.
Mafupa akaima, ankakulungapo udzu wa mpunga,
chingwe pamano, mpaka ntchafu itaoneka,
phewa, khosi, mikono khumi yotambasuka
m'kanjira kathu ka ku Kolkata
momwe njinga ziwiri sizipatukirana popanda mkangano.
Dongo linkabwera pa bwato, lakuda bii,
likununkha mtsinje wa Hooghly.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndidafunsa:
Baba, kodi milungu ilipo ingati?
Sadayankhe msanga. Adaloza pansi ndi chala chamatope.
Jhumur, werenga timadontho ta dzuwa
tomwe talowa pa malata athu obookawa.
Ndidafika makumi atatu, ndidasokonezeka.
Tsono tuluka panja, ukawerenge dzuwa.
Limenelo ndiye Brahman, adatero, alibe wachiwiri,
ndipo kadontho kamodzi kadagwera m'chifuwa mwako.
Timakatcha atman. Sikapsa, sikanyowa, sikakalamba.

Ankakonda nthabwala bambo anga.
Ati ine pano ndine wantchito wa Brahma, ndimaumba.
Amako, othamanga ndi mapepala apulasitiki mvula ikagunda,
ali kumbali ya Vishnu, wosunga.
Za Shiva usafunse, mtsinje ukudikira,
ndipo usamuyese wankhanza:
pakadapanda wophwasula, tikadaumbira pati?

Nkhani ya Durga ndidaiphunzira ndikusakaniza utoto.
Chiwanda china chooneka ngati njati
chidapempha kuti mwamuna kapena mulungu asadzachiphe.
Mkazi chidamuiwala, kapena chidamuderera.
Milungu itathedwa nzeru idasonkha ukali wake pamodzi,
ndipo m'moto umenewo mudatuluka mayi wokwera mkango,
mkono uliwonse utagwira chida cha mwini wake.
Pambali pake tinkaika Ganesha wamutu wa njovu,
mimba ndendende, khoswe ali kumapazi,
yemwe timayamba kumutchula tisanatsegule chitseko cha ntchito.

Tsiku lina ndidamanga udzu mwaulesi, nkumatira bwino pamwamba.
Palibe adaona.
Patatha milungu itatu chigongono chidang'aluka, ng'aa!
Bambo sadakalipe. Adati karma ndi imeneyo,
zomwe wabisa m'kati zimadziwa njira yotulukira,
lero, mawa, kaya m'moyo wina.
Adandipatsa chingwe. Dharma yako lero ndi chigongonochi.

Chomwe chinkandiliza chinali tsiku lomaliza.
Miyezi inayi ya thukuta, masiku asanu a ng'oma ndi lubani,
kenaka malole, khamu, mfuu,
Mayi akupendekeka pamadzi, phava!
utoto ukusungunuka, nkhope ikubwerera ku matope.
M'mawa anyamata ankavuula nsungwi zija
nkudzatigulitsanso pakhomo.
Samsara, bambo ankatero akuwerenga ndalama,
kubadwa, kufa, kubadwanso,
dongo lomwelo, nkhope ina.
Nanga sizitha? ndidafunsa.
Zimatha kwa yemwe wazindikira kuti iye ndi dzuwa lija,
osati bowo la pa malata.
Ameneyo bwato silimubweretsanso. Ndiyo moksha.

Chaka chatha tidawatentha ku Nimtala.
Mchimwene wanga Sukhen adathira phulusa m'madzi omwewo,
ine ndidaima patali, m'zikhadabo muli dongo.

Tsopano maso a Durga ndimajambula ndine,
mbandakucha, khomo lotseka, nyali imodzi.
Dzanja limanjenjemera pa diso lachitatu.
Sindidziwa ngati bambo adamasuka
kapena akulira m'chikuta kwinakwake, ndi dzina lina.
Dzulo bwato lafika ndi dongo latsopano.
Ndidalikanya nthawi yaitali kuposa masiku onse,
mpaka Sukhen adakuwa kuti tiyi wazizira.