Nsenga

Ntchito yanga ili kuseri kwa chitseko,
kumene nthunzi imanyowetsa nsidze.
Masiku awiri a Novembala,
m'nkhokwe yakale ya tirigu kufupi ndi Parma,
alimi a mphesa amayala matebulo,
ine Iole ndimatsuka matambula.
Sopo ayi. Akuti sopo amanamiza mphuno.

Mapiri awo sindinawapondeko.
Ndimawawerenga pa nsenga.

Iyi yachokera kwa Nives,
mayi wa ku Carso wouma ngati luzi.
Pansi patsala dontho la mtundu wa uchi wakale,
poti iye mphesa zoyera sazivula makoko,
amazigoneka mumtsuko wokwirira m'nthaka
mpaka Pasaka atadutsa.
Kwawo, akuti, mphepo imagwetsa bulu ali chiimire.
Vinyo wake sasekerera mlendo tsiku loyamba.

Iyi sindifunsa, ndi ya Alfio:
fungo la machesi ongozima kumene.
Phiri la kwawo ku Sicilia limasuta osapuma,
phulusa limadetsa zovala pachingwe,
iye nkumalima pomwepo,
ngati munthu wometa ndevu za chilombo chili mtulo.

Zelinda ndi wa konkuno.
Wake ndi wa thovu, wofiira, wosamva kamodzi,
amawirabe ngakhale amutsekere.
Dzulo chitsekero chinathawa chokha, phuu!
kunyowetsa denga ndi jekete la mtolankhani.
Zelinda sanapepese.
Anati, wamoyo amayetsemula.

Za Tranquillo wa ku Piemonte zimandivuta,
mkombero wakuda wofuna chikhadabo.
Matalala anamudyera theka la munda mu Julayi,
wabwera ndi mabotolo makumi anayi okha,
akuthira pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso.

Chitseko chikatseguka ndimamva mkangano.
Wina akuti kasulufule pang'ono si tchimo,
wina akumenya tebulo,
wina akuti dikira mwezi uchepe usanathire m'botolo.
Dziko ndi limodzi pa mapu pokha.
Aliyense akutukwana m'chinenero cha amayi ake.

Lamlungu usiku, manja atatuwa ngati a mtembo,
Bachisio wa ku Sardegna,
amene masiku awiri sanathe mawu khumi,
anandisiyira botolo pambali pa mpopi.
Lopanda pepala, lopanda dzina,
kamtanda ka choko basi.

Ndinalinyamula pa njinga mu nkhungu.

Bambo anga Ermes
anagwira zaka makumi atatu ndi zinayi kufakitale ya vinyo,
pakati pa matanki achitsulo aatali kuposa tchalitchi.
Ulemu wawo unali uwu:
wa chaka chino afanane ndi wa chaka chatha,
chilala kapena mvula, asasiyane ngati mapasa.
Ndi ndalama imeneyo ndinaphunzira kuwerenga.
Sindinyoza.

Anakweza tambula ku babu la kukhitchini.
Wachita mitambo, anatero.
Kwathu tikanamutaya mu ngalande.
Ananunkhiza.
Khola la nkhosa.
Analawa, nkhope ili tsinya,
nkukhala duu,
wotchi yokha ikuyenda pakhoma.

Ndinayamba kuvula nsapato.

Kenaka, osandiyang'ana:
Kwa amalume Primo kunali mgolo wong'aluka pakamwa.
Ankatikweza ife ana, makabudula atapindidwa,
tiziponda.
Mavu ankatiluma m'zala za kuphazi.
Mlongo wanga Dirce analira mpaka kusanza,
amalume nkumupaka nsenga pachotupa.
Ndinali nditaiwala kuti Dirce ankalira.

Dirce tinamuika m'manda ine ndisanabadwe.
M'nyumba muno dzina lake
linali ngati mbale ya alendo, yosatsitsidwa.

Ndi woipa vinyo ameneyu, anatero bambo,
wosasefa, wosaleredwa.
Anakankha tambula ndi chala chimodzi,
mpaka inafika pamene panali botolo.

M'mawa ndinaipeza patebulo,
pansi pake kadothi kofiirira kataumirira.
Ndatsuka matambula mazana asanu ndi limodzi sabata ino.
Iyi ndaiika pazenera momwemo.