Kope la Mbande

Anabwera Lachinayi, magalimoto atatu oyera,
fumbi la msewu wa ku Msoro litawamata mpaka m'zikope.
Anatigawira masikipa obiriwira, dzina la kampani kumsana,
dzina lomwe lija linali pa zigafa za fodya
zimene zinameza phiri lathu, chipika ndi chipika.
Sindinanene kanthu. Sikipayo inandikwana.

Bwana wamkazi anagwada, khasu lake likali ndi pepala la m'sitolo.
Anabzala mbawa imodzi, anajambulidwa kanayi.
Dzuwa lisanapendeke anali atabwerera ku Chipata.
Mbande zikwi ziwiri zinatsala ndi ine, Tisiyenji,
pamodzi ndi kope la mizere, ndi chitsime chouma mu Okutobala.

Mlongo wanga Yotamu ankatchera mawaya kudambo.
Lero amamulipira kuti awachotse.
Amadziwa pamene ali, nanga ena si ake omwe?
Madzulo amafika atawakoleka m'khosi,
akuseka: "Msampha umodzi, ndadyapo kawiri."

Chiswe chinadya mbande mazana atatu.
Mbuzi za a Nyendwa zinamwetula zina mazana awiri,
eni ake n'kuti mbuzi siwerenga chikwangwani.
Moto wa osaka mbewa unapita ndi mzere wonse wa mlombwa.
Ndinalemba zonse.
Foni ikalira kuchokera ku ofesi amafuna nambala yokoma;
ine ndimawapatsa imene ilipo.

Chaka chachitatu, mame asanaume,
Yotamu anandikodola ndi dzanja, pakamwa atatseka.
Pachulu, pakati pa misangu yofika m'chiuno,
ngaka inali kunyambita chiswe chomwe chija,
mamba ake ngati makungwa akale akuyenda okha.

Ndinaona maso a mlongo wanga akuwerengera:
malata khumi ndi awiri, fizi ya Esinala,
munthu uja wa ku Kapata amene safunsa mafunso.
Chinenero chathu n'choseketsa.
Wobzala ndi mtengo, wogulitsira nawonso ndi mtengo.

Anapisa manja m'matumba.
Anawasiya momwemo nthawi yaitali,
mpaka udzu unatseka pamene nyama inalowera.

Malipiro a mwezi uno sanabwerebe.
Akuti pangano la kampani litha chaka chamawa,
kaya adzalionjezera, kaya.
M'kope mwanga muli mzere wa zamoyo, muli mzere wa zakufa,
mzere wa ngaka mulibe.
Ndinailemba m'mphepete, ndi pensulo:
imodzi, ndipo yapita ndi miyendo yake.