Loweruka mu Shedi ya Thonje ku Ngabu

Loweruka lomaliza la mwezi
timakumana mu shedi yakale ya thonje,
momwe malata amalira okha ndi dzuwa
ngati wina akuponyapo timiyala.
Palibe kalipentala pakati pathu.
Ine ndimalemba manambala pa sikelo ya nzimbe ku Nchalo,
Zuze amapalasa kabaza,
mayi Nyathando amabaya ana katemera,
a Fombe anasiya choko kalekale
koma chala cholozera chija sanasiye.

Aliyense amafika atafunditsa kanthu kake chitenje
ngati mwana wodwala malungo.

Zuze ndiye amayamba, sapirira.
Wasema ng'ona ya tsanya, kutalika ngati mkono,
mano makumi atatu, onse ndi kampeni kothyoka nsonga.
Akuti anaiona yeniyeni pa Mtayamoyo.
Ife tikuti ayi, iyi ikumwetulira
ngati apongozi ako ukalowa ndi shuga.

Mayi Nyathando atulutsa kabokosi ka mlombwa
kopanda msomali ndi umodzi womwe,
matabwa akungolumana mano okhaokha.
Ankakapala usiku, foni yowunikira ili kukamwa,
ana atagona pabwalo, mphepo itakana kubwera.
A Fombe ayendetsa chala m'mphepete,
afunafuna cholakwa,
atsokomola,
apempha madzi akumwa.

Kenaka ine ndi kampando kanga ka nimu.
Miyendo itatu imamvana,
wachinayi uli ndi maganizo akeake.
Ndayesa kuiyanjanitsa ndi sowo kasanu konse
koma kampando kakungofupika,
mwezi wamawa kakhala thireyi.
Aseka mpaka utuchi kuuluka pa benchi.
Ndiseka nawo, thukuta likuwawa m'maso.

Pakhomo panakhala wina wosamudziwa,
mnyamata wa ku Makhanga, akuti Tchale.
Wawoloka pa bwato m'mamawa, wakwera matola,
thumba la feteleza ali nalo pamiyendo njira yonse.
Amasula chingwe.
Ulimba waung'ono, timatabwa tisanu ndi tinayi,
zikho zikulendewera pansi pake,
ndipo pa kathabwa kalikonse
padutsa mzere wakuda, wosafufutika.

"Mwana wanga," atero a Fombe,
"sandipepa ndi wotchipa. Chotsa litsiroli."

"Chinali chitseko cha bambo," ayankha.
"Madzi ataphwa tinachipeza m'bango,
mtunda wa maola awiri
kuchoka pomwe panali nyumba.
Mzerewo ndi pomwe matope analekeza.
Ndinachicheka m'litali
kuti aliyense wa awa atengeko gawo lake.
Chitseko chopanda khomo chitsekanso chiyani?
Bola chiziyankhula."

Palibe anatsokomola.

Ayang'ana poika ulimba wake.
Pansi pa shedi ndi pokumbikakumbika,
pomwe mabelo ankagwera zaka zimenezo.
Akoka kampando kanga osapempha,
ndipo mwendo wamwano uja
upeza kachitunda ka simenti
n'kuima nji, ngati ndinachita kuyeza.

Aimba.
Kathabwa kachitatu kali ndi chimfine,
mpomwe panali mabowo a hinjesi.
Sakadumpha.
Amabwerera pomwepo, n'kubwereranso,
mpaka khutu kuyamba kukadikira.
Mbuzi ziwiri zasuzumira pa khomo.
Ng'ona ya Zuze ikunjenjemera pa benchi.
Chala cha a Fombe
chikugogoda bondo lawo lomwe.

Tinabalalika dzuwa litapepuka,
fumbi la ng'ombe zobwerera litatseka msewu.
Mayi Nyathando anampatsa Tchale botolo la vanishi,
iye analandira ndi manja awiri
koma ndinaona m'maso kuti sakapaka.

Kampando ndinakamanga pa kaliyala.
Kunyumba kakugwederabe.
Sowo ndaipachika.
Mkazi wanga wapinda kalisiti ka sikelo kanayi
n'kukalowetsa pansi pa mwendo uja,
ndipo wakhalapo, akusenda nyemba.