Madzi a Mayi Piroska

Kwathu, m'mapiri a Transilivaniya,
matchalitchi awiri amayang'anizana ngati akazi a pamitala.
Pansonga pa lathu pali mtanda,
pa lawo nyenyezi yachitsulo,
ndipo mabelu athu sanagwirizanepo za nthawi.
Ife Akatolika timapemphera m'Chiromaniya,
iwo a Kalivini m'Chihangare.
Pakati pali kamtsinje koti mwana amadumpha,
koma akuluakulu kankawakanika.

Ndinabadwa mu Januwale, masiku asanakwane,
usiku umene chipale chofewa chinakwirira msewu
wansembe wathu ali kuseri kwa phiri.
Mzamba analipo mmodzi yekha,
Piroska, wa kutsidya, wa kwa nyenyezi.
Bambo anga a Gavril anali asanamupatsepo moni
chiyambire mlandu wa malire a munda.
Usiku umenewo anakagogoda okha, chipewa chili m'manja.

Akuti ndinatuluka wabuluu ngati pulamu,
osalira, osaphethira.
Amayi, a Domnica, anangoti:
asapite wopanda dzina.
Piroska anatsegula chitseko,
natapa chipale ndi mbale yokandira buledi,
nachisungunula pambaula,
nayesa madziwo ndi chigongono.
Anandithira katatu pamutu,
mawu akutuluka m'Chihangare,
poti mantha amabwezera munthu ku chilankhulo cha amake.
Kachitatuko ndinalira.
Mpaka ukalamba wake ankakana kuti chinali chozizwitsa.
Ankati madzi anali asanafunde bwino, basi.

Msewu utatseguka, bambo anandinyamula
kukapempha kuti ndibatizidwe bwinobwino,
ngati malaya amene sanayere pochapa koyamba.
Wansembe anaitanitsa mzamba uja.
Munagwiritsa chiyani? Madzi.
Munati chiyani?
M'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera.
Anakhala chete nthawi yaitali,
kenako anati: ndilibe madzi ena oposa amenewo.
Anangondidzoza mafuta, nalemba m'buku.
Bambo sanalankhule njira yonse yobwerera.

Lero ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu
ndipo ndadumpha kamtsinje kaja ndi mawondo olira.
Piroska wagona m'bokosi la paini
m'tchalitchi chimene sindinalowemo chibadwire.
Makoma ali mbee, opanda chithunzi, opanda kandulo,
fungo la lubani mulibe.
Dzanja langa linanyamuka lokha kupita pamphumi,
ndinalibweza, ndikunamizira kukanda.

Kenako onse anaimirira.
Chihangare changa ndi chogulira misomali ndi mchere,
koma mayendedwe a mawuwo ndinawazindikira
monga umazindikirira mbale wako ali patali, poona mapazi.
Ndikhulupirira Mulungu mmodzi.
Ndinayamba m'chilankhulo changa, chapansipansi.
Anapachikidwa, anafa, anaikidwa m'manda,
iwo uko, ine kuno,
tinaukira limodzi tsiku lachitatu.

Sindikunena kuti zonse zatha.
Lamulungu likubwerali adzanyema mkate wawo,
ife wathu,
ndipo za malire a munda uja
adzukulu akadali nazo kukhothi.

Koma chikhulupiriro chathu n'chachitaliko,
ndinatsalira m'mbuyo ndi mizere ingapo.
Nkhalamba ya pambali panga, a Zsigmond osula zitsulo,
inamva kuti ndikadali panjira.
Inasunga Amen wake m'kamwa
mpaka nditafika pa ubatizo umodzi wokhululukira machimo,
mpaka kuuka kwa akufa,
ndipo tinamutula pamodzi.

Potuluka kunali kutayamba kugwa chipale.
Chinkatera pamtanda ndi panyenyezi,
pachipewa cha abusa, pabokosi,
ndi padazi langa,
pomwe chinasungunuka n'kutsikira kumaso.
Sindinapukute.