Miyendo Itatu, Manja Awiri

Lachisanu usiku ndayala zida pabedi
ngati munthu wosamuka mozemba.
Mawa Maite akwatiwa ndi Ulises
pamwamba pa phiri, ku Valparaíso kuno,
kumene msewu ukatopa umasanduka masitepe,
ndipo mawondo anga amawadziwa mayina onse.

Thirayipodi ali chilili pakona,
mkulu wa miyendo itatu wosadziwa kunjenjemera.
Ngwokhulupirika, koma amalemera ngati ngongole,
ndipo mkwatibwi akacheuka mwadzidzidzi
iye amatsala akuyang'ana khoma.
Gimbala ndi mwana wadzana,
amayandama ngati mafuta pamadzi,
koma batire amalikukuta ngati chiswe,
pofika masana mkono wanga umakhala wa eni.
Monopodi ndi ndodo chabe ya wapaulendo:
mwendo umodzi wake, iwiri yanga,
tikamvana timakwana itatu.

Ndanyamula onse.
Mantha salemera polongedza,
amalemera pa sitepe ya makumi anayi.

Nyali ndatenga ziwiri.
Yaikulu ija yofuna soketi ndi ambulera yake yoyera,
ndi kakang'ono kokwana m'thumba la jekete,
kamene ndinagula pa mtengo wa nkhomaliro
ndipo ndimachita nako manyazi pamaso pa anzanga.
Bambo Evaristo anachenjeza kale:
"Fresia, m'tchalitchi muno nyali zako ayi.
Makandulo anayamba ntchitoyi iwe usanabadwe."
Ndinavomera. Ndinatsekula diso la kamera mpaka kumapeto
kuti limwe kuwala kochepa komweko.

Pakhomo andikoka malaya a Hermógenes,
bambo a mkwatibwi,
amene zaka makumi atatu anamanga zingwe za sitima padoko.
Lero manja awo ali njenjenje,
sangathe kumanga ngakhale batani la kolala.
"Akuti uli ndi makina ochotsa kunjenjemera.
Kwangaku angakuchotse?"
Ndinaseka, iwonso anaseka,
kenaka tonse tinayang'ana kunyanja.

Madzulo mu holo, mphepo ya kudoko ikugogoda mawindo,
nyimbo ya bambo ndi mwana itangoyamba,
magetsi thi!
Mdima bii.
Nyali yaikulu yasanduka ambulera wamba.
Gimbala anakomoka nthawi yodula keke.
Thirayipodi ali kutsidya, kuseri kwa matebulo khumi ndi awiri.
Monopodi ndinabwereka azakhali a mkwati
kuti atsikire masitepe, sanabwerenso.

Ndinapisa dzanja m'thumba.
"Leandro, Itziar, kwezani nsalu ya patebuloyo!"
Ana awiri anaitambasula m'mwamba, madontho a vinyo ali pomwepo.
Ndinaloza kanyali kanga pansaluyo
ndipo kuwala kunabwerera kofewa ngati mkaka,
kunatera pa tsaya la Maite,
kunatsetsereka mpaka pa dzanja lija
likugwedezeka pamsana pa diresi loyera.
Woimba akodiyoni sanadikire magetsi.

Ndinapanikiza zigongono m'nthiti,
ndinagwira mpweya,
ndinasanduka thirayipodi wa miyendo iwiri ndi mtima umodzi,
mwendo wachitatuwo ndiwo unkagwedera kwambiri.
Maite anatenga dzanja la bambo ake
nalikanikiza pachifuwa pake,
silinaleke kunjenjemera,
koma tsopano ankanjenjemera awiri.

Lolemba m'mawa, khofi wazizira pambali pa kompyuta.
Zithunzi za m'tchalitchi zili nji, zowongoka ngati mzati,
za pamasitepe zikuyenda myaa ngati bwato.
Koma mphindi zitatu za mumdima zija
zikugwedezeka ngati zajambulidwa pangolo.
Kompyuta yandifunsa mwaulemu
ngati ndikufuna izikhazike bata.
Kabatani kamodzi, ntchito yatha.

Ndayang'ana nthawi yaitali.
Sindikuthanso kusiyanitsa
kunjenjemera kwa a Hermógenes ndi kwanga.

Foni yalira. Ndi azakhali aja.
Akuti ndodo yanga ndi yabwino kwambiri,
ndiwagulitse bwanji?