Nyale ya Mayi Eufrasia

Atolankhani akamufunsa Leontina Barraza
komwe inachokera nyimbo ija,
wina amamuuza za mmalinyero amene anamusiya padoko,
wina amamuuza kuti anailota.
Ine ndinalipo. Gitala anali m'manja mwanga,
ndipo ndakalamba mokwanira kuti ndinene zoona.

Tinkachita lendi kachipinda kapamwamba
pa phiri lina la ku Valparaíso,
komwe nyumba zimaberekana kumsana,
masitepe zana ndi makumi anayi kuchokera kudoko.
Leontina ankasokerera mabatani pa majekete a asilikali a pamadzi:
majekete khumi, buledi mmodzi.
Ine ndinkasenza mabokosi a nsomba m'bandakucha,
fungo lake n'kukakamira mpaka pa nsambo za gitala.

Eni nyumba, mayi Eufrasia,
ankathimitsa magetsi ikangokwana teni koloko.
Tinali ndi ngongole ya miyezi itatu,
choncho tinkadandaulira m'bulangete.

Usiku wina mu Julaye, mvula ikumenya malata cham'mbali,
kutatsala majekete asanu ndi limodzi,
mdima unangoti bii.
Singano inamubaya chala.
Anakankha chitseko n'kukuwira kumunsi kwa masitepe,
mwachipongwe, mokoka mawu ngati wotsatsa nkhanu pamsika:
Musazimitse nyale, mayi, sindinafike!

Ankanena za pansi pa mulu wa majekete, basi.

Ndinaseka, ndinapapasa gitala mumdimamo,
zala zikusaka pomwe mawuwo agwera.
Tinabwereza kanayi, kasanu, tikuthira tsabola:
za makoswe onenepa kuposa alendi,
za denga lotisambitsa ulere.

Kenako mapazi, akukwera mosafulumira.
Leontina anandinong'oneza kuti, Olegario, longedza.
Chitseko chinalira. Anali mayi Eufrasia
atanyamula nyale ya palafini,
ija inkachezera pawindo lawo loyang'ana kunyanja,
ija tinkaitukwana kuti ikuwalira mphaka.
Anaiika patebulo, pakati pa mabatani.
Anati, Imbanso. Za makoswezo uchotse.

Sitinkadziwa za Nicanor,
za boti lake lomwe linatuluka Lachinayi lina
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'mbuyomo,
za nsapato imodzi yomwe nyanja inabweza.
Anatiuza ali chiimire, mwachidule,
ndi liwu lomwe ankawerengera nalo lendi.

Leontina anaimbanso. Mawu omwewo, osasintha.
Koma wokuwayo tsopano sanali wosoka mabatani,
anali munthu ali kutali pamadzi akuda
akuyang'ana kadontho kachikasu paphiri.
Ine ndinaphonya kawiri. Palibe anandiyang'ana.

Zotsatira zake mukuzidziwa:
wailesi, mbale zagolide, madiresi onyezimira,
mabwalo a mpira odzaza anthu atakweza machesi oyaka.
Amaivina pa maukwati, amaiimba pamaliro,
woyendetsa basi wina anailemba pagalasi lakumbuyo.
Waimba nyimbo zoposa mazana awiri,
koma akati atsike papulatifomu asanaimbe ija,
anthu amakhala phee, osanyamuka, ngati odikira chenje.

Ngongole ija sanatikhululukire.
Tinalipira yonse, mpaka kakobidi kotsiriza,
ndipo magetsi ankazimabe teni koloko.
Mbale yoyamba itatuluka tinawatengera;
anaiika pansi pa mphika wa maluwa kuti madzi asaononge thabwa.
Anati kamodzi kanawakwanira.

Chaka chomwe anamwalira, tinakwera masitepe aja
tikupumira panjira ngati nkhalamba zina zonse.
Nyumba anaipaka utoto wobiriwira, amagulitsamo khofi.
Pawindo paja pali chikwangwani cha mitengo ya makeke.

Mukadzamuona Leontina asanayambe nyimboyo,
magetsi a m'holo atachepetsedwa,
yang'anitsitsani dzanja lake lamanzere.
Amaika chala chimodzi pamlomo, pang'ono chabe.
Ena amati ndi pemphero, ena amati ndi chithumwa.
Ndi pomwe panalowa singano.