Utoto wa Mbewu

Anabwera atatu pa Kapata Lachiwiri m'mawa:
wapolisi, mayi wa ku boma ndi kope lake,
ndi mnyamata wa kampani, malaya oyera,
lumo m'thumba.
Anang'amba paketi pa tebulo la Yotamu
nathira njere m'kapu ya madzi.
Madzi anafiira. Njere zinayera mbee,
chimanga wamba cha m'nkhokwe,
choboola kale anankafumbwe.

Ine ndinaima kumbuyo, nditagwira njinga.
Ndinagula pomwepa chaka chatha,
mapaketi anayi, ndalama ya nsawa.
Ndinapalira kawiri ku Chiparamba,
feteleza wangongole, mvula yosadandaulitsa,
koma mapesi analekeza m'chiuno,
ngayaye pamutu, kumsana kopanda mwana.
Ndinatukwana nthaka.
Ndinaloza chala mlamu wanga.

Yotamu akulumbira kuti nayenso anapikula
kwa munthu wa lole yopanda nambala
yotulukira ku Mwami usiku.
Kaya.
Koma potambasula manja kuti alandire unyolo
zikhadabo zake zinali psuu,
ndipo ine, m'malo mokondwa,
ndinayamba kusaka mawu
okapepesera Zelipa,
amene sitinapatsane moni chikololere.